ANDREAS VESALIUS: MPHUNZITSI AMENE ADAKHULUPIRIRA FUPA KOPOSA BUKU

Munthu akawerama kuti atole khasu, akacheuka poitanidwa, kapena akasenza mtsuko pamutu, saganizako n'komwe za mafupa a msana amene akugwira ntchitoyo. Komatu kwa zaka pafupifupi 1,300 asing'anga a ku Ulaya ankaphunzitsana za mafupa amenewa kuchokera m'mabuku a munthu amene adafufuza matupi a nyama, osati a anthu. Amene adatulukira vutoli ndi kuliika poyera ndi Andreas Vesalius.

Vesalius adabadwira mumzinda wa Brussels pa 31 Disembala, 1514. Bambo wake adali wosakaniza mankhwala kunyumba ya Mfumu Charles V. Mnyamatayu adayamba maphunziro ake apamwamba ku Leuven, ndipo mu 1533 adapita ku Paris kukaphunzira zausing'anga.

Masiku amenewo phunziro la thupi la munthu linkayenda motere: mphunzitsi ankakhala pampando wautali nawerenga buku la Galen, sing'anga wa ku Pergamon amene adagwira ntchito ku Roma, pansi pake wometa tsitsi ankatumbula mtembo, wina n'kumaloza ziwalo ndi ndodo. Buku ndi mtembo zikasiyana, wolakwa ankakhala mtembo. Vesalius sadakhutire nazo zimenezi. Iye ndi anzake ankapita kumanda a mumzindamo kukagwiragwira mafupa, kufikira adatha kutchula dzina la fupa lililonse atatseka maso.

Nkhondo idamuchotsa ku Paris mu 1536. Atabwerera ku Leuven, adaona mtembo wouma wa munthu wonyongedwa uli pamtengo kunja kwa mzinda. Mothandizidwa ndi bwenzi lake Gemma Frisius, adatenga mafupawo mobisa, nawalumikiza kunyumba. Mchitidwewu udali wosemphana ndi lamulo ndiponso wonyazitsa wakufayo, koma ukuonetsa kusowa kwa zipangizo zophunzirira m'nthawi imeneyo. Mu Disembala 1537 adalandira digiri ya udokotala ku Padua, m'dziko la Italy, ndipo pomwepo adapatsidwa ntchito yophunzitsa. Iye adatsika pampando wautali uja, natenga mpeni ndi dzanja lake.

Chimene chidamutsegula maso chidachitika ku Bologna mu 1540, ndipo chidali chokhudza msana. Poti aphunzitse bwino, adalumikiza mafupa a munthu ndi a nyani nawaika moyandikana. Pa mafupa a msana a m'chiuno mwa nyani adapezapo kansonga kena kamene Galen adakafotokoza ngati ka munthu, koma pa mafupa a munthu kansongako padalibe. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Vesalius adazindikira kuti Galen sadaname dala ayi. Adalemba mokhulupirika zimene adaona, koma zimene adaonazo zidali za anyani ndi nyama zina, poti m'masiku ake kutumbula mtembo wa munthu sikunkaloledwa.

Kusiyanaku si kwamasewera. Nyama yoyenda ndi miyendo inayi msana wake uli ngati mtanda wa denga, pamene wa munthu uli ngati mzati wosenza mutu, manja ndi chifuwa. Mzati umenewu uli ndi mafupa 24 otha kuyenda: 7 m'khosi, 12 kumene kwalumikizidwa nthiti, ndi 5 m'chiuno. Pansi pa amenewa pali mafupa 5 amene amagwirana n'kukhala fupa limodzi munthu akakula, kenaka timafupa ta kumchira, kawirikawiri 4. Mafupawa amanka nakula potsika chifukwa katundu amachuluka m'munsi. Pakati pawo pali tizidutswa ta chicherewecherewe tokwana 23, timene timachita ngati nkhata, ndipo kumbuyo kwake kuli ngalande yodutsamo chingwe cha mitsempha yochokera ku ubongo.

Gawo lililonse lili ndi kayendedwe kakekake. Chigaza chimakhala pa fupa loyamba la m'khosi, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amagwedezera mutu povomera. Fupa lachiwiri lili ndi msonga yonga dzino, imene fupa loyamba limazungulirapo munthu akamapukusa mutu pokana. Mafupa a kunthiti amalola thupi kupotoka koma sawerama kwambiri, pamene a m'chiuno amawerama ndi kuweramuka bwino koma sapotoka kwenikweni. N'chifukwa chake kupotokola thupi utanyamula thumba lolemera kumapweteketsa m'chiuno. Msanawo sudawongoke ngati nsungwi: m'khosi ndi m'chiuno udakhotera kutsogolo, kunthiti ndi kumunsi udakhotera kumbuyo, ndipo kukhota kumeneku ndiko kumachepetsa kugwedezeka munthu akamayenda.

Mu 1543, ali ndi zaka 28, Vesalius adatulutsa buku lake lalikulu la m'Chilatini lotchedwa De Humani Corporis Fabrica. Bukuli lili ndi zigawo 7, ndipo choyamba ndi cha mafupa, poti iye ankawaona ngati maziko a thupi lonse. Zithunzi zake zidasemedwa pa matabwa ku Venice, matabwawo n'kuwolotsedwa mapiri a Alps kupita ku Basel kwa wosindikiza Johannes Oporinus. M'bukumo adakonza zolakwa za Galen zoposa 200. Adaonetsa kuti chibwano cha munthu ndi fupa limodzi, osati awiri, ndi kuti fupa la pachifuwa lili ndi zigawo 3, osati 7. Ali ku Basel komweko adalumikiza mafupa a munthu wina wophedwa mwa chilango, ndipo mafupawo akusungidwabe pa yunivesite ya mumzindawo.

Bukuli lidamubweretsera ulemu pamodzi ndi udani. Mphunzitsi wake wa ku Paris, Jacobus Sylvius, adamunena kuti ndi wamisala, nalimbikira kuti Galen sadalakwe koma kuti thupi la munthu ndilo lidasintha. Vesalius adatentha zolemba zake zina, nasiya uphunzitsi, nakakhala sing'anga wa Charles V, pambuyo pake wa Philip II wa ku Spain. Komabe mu 1555 adatulutsanso buku lija atalikonza m'malo ambiri, poti sadadzione ngati munthu wosalakwa. Mu 1564 adapita ku Yerusalemu, ndipo pobwerera adadwala namwalira pa chilumba cha Zakynthos pa 15 Okutobala, ali ndi zaka 49.

Vesalius sadachize matenda a msana. Chimene adasiya ndi njira yophunzirira: kulemekeza buku, koma kuliyesa ndi chinthu chenichenicho. Dokotala amene amaona chithunzi cha msana wa wodwala asanagamule, ndiponso mphunzitsi amene amauza ana asukulu kuti apapase kumbuyo kwa khosi lawo ndi kumva fupa lachisanu ndi chiwiri litatumphuka, onsewa akuyenda m'mapazi a Vesalius.