MARTINUS BEIJERINCK: MUNTHU AMENE ANAFUFUZA MIZU YA NYEMBA NDI NTHENDA YA FODYA

Mlimi aliyense adziwa kuti cimanga cimakondwa m'munda momwe munali nshawa kapena nyemba caka catha. Mmodzi wa anthu amene anaulula cinsinsi ca zimenezi ndi Martinus Beijerinck, wa m'dziko la Netherlands.

Beijerinck anabadwa pa 16 March, 1851, mu mzinda wa Amsterdam. Atate ake anali ogulitsa fodya, koma malonda ao anagwa, ndipo banja linalowa m'mabvuto. Ngakhale zinali tero, mnyamatayo analimbikira maphunziro mpaka anafika pa sukulu lalikulu la ku Leiden.

M'caka ca 1876 boma la dziko lao linatsegula sukulu la zaulimi m'tauni ya Wageningen, ndipo Beijerinck anakhala mmodzi wa aphunzitsi ake oyamba. Sukulu limeneli linakwezedwa m'caka ca 1918, ndipo lero ndilo Wageningen University, yodziwika pa dziko lonse cifukwa ca kufufuza za mbeu, nthaka, ziweto ndi cakudya. Kumeneko anagwira nchito pamodzi ndi Adolf Mayer, amene anali kufufuza nthenda yocititsa mawangamawanga pa masamba a fodya.

M'caka ca 1885 Beijerinck anasamukira ku Delft. Ali kumeneko, m'caka ca 1888, anakhoza kupatula tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'timaduduma ta pa mizu ya mbeu za mtundu wa nyemba. Tizilomboti timatenga naitrojeni mu mpweya ndi kudyetsa mbeuzo. Naitrojeni ndiye cakudya comwe alimi amagula m'fataleza wa cimanga. Ici ndico cifukwa cace alangizi a zaulimi amalimbikitsa kasinthasintha wa mbeu.

M'caka ca 1898 anabwerera ku nthenda ya fodya ija. Anafinya masamba odwala, nasefa madzi ake pa sefa yosalola tizilombo todziwika pa nthawiyo kudutsa, koma madziwo anadwalitsabe fodya wabwino. Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anaona zimenezi m'caka ca 1892, koma Beijerinck ndiye ananenetsa kuti ici cinali cinthu ca mtundu wina, coswana m'mbeu yamoyo yokha. Anacicha vairasi. Iye anayesa kuti ndi madzi cabe, ndipo apa anaphonya, pakuti m'caka ca 1939 akatswiri ena anaona timitengo ting'onoting'ono ta vairasiyo pa makina amphamvu. Komabe nchito yake inatsegula njira yofufuzira nthenda zambiri za mbeu, ziweto ndi anthu.

Beijerinck sanakwatire, ndipo anali mphunzitsi waukali ndi wosafuna ulesi. Anapuma pa nchito m'caka ca 1921, namwalira pa 1 January, 1931, m'mudzi wa Gorssel.

Mlimi wa fodya akasamba m'manja ndi sopo asanagwire mbande zake, kapena mai akabzala cimanga pa munda wa nshawa, akutsata nzeru imene munthu uyu anathandiza kuiunika.