Dante, mlakatuli amene anakonzera Papa malo ku Gehena

Mu Malichi 1302, akuluakulu a mzinda wa Florence ku Italy anagamula kuti Dante Alighieri akadzangopondanso mumzindamo, adzatenthedwe wamoyo. Apa n'kuti bamboyu ali ndi zaka 36. M'chaka cha 1300 anali mmodzi mwa atsogoleri a mzindawo, koma chipani chake chinagwa, katundu wake analandidwa, ndipo kwawo sanakuonenso.

Ali m'makomo mwa eni, Dante analemba Divine Comedy, ndakatulo ya zigawo 100 yosimba za ulendo wake wa ku Gehena, ku Purigatoriyo ndi kumwamba. Anailemba m'chiyankhulo cha kwawo, osati m'Chilatini cha anthu ophunzira.

Wowerenga ayambe wafunsa za nthawi ya ulendowu. Dante anauika pa Pasaka wa 1300, asanapirikitsidwe, choncho mizimu imene akukumana nayo imalosera mavuto amene iye anali atawaona kale. Papa Boniface VIII, yemwe Dante ankamuda chifukwa cha kugwa kwa chipani chake, anali adakali moyo m'chakacho. Nanga akanamuika bwanji ku Gehena? Mlakatuliyu anaonetsa papa wina, Nicholas III, atazondoka m'dzenje, akudikira Boniface kuti adzalowe m'malo mwake.

Maina ena ali ndi chifukwa chake. Womutsogolera ndi Virgil, mlakatuli wa ku Rome amene m'ndakatulo yake ya Aeneid muli munthu wotsikira kwa akufa. Kumwamba akumutsogolera ndi Beatrice, mkazi wa ku Florence amene Dante ankamukonda ndipo anamwalira mu 1290. Mkazi wake weniweni, Gemma, satchulidwamo n'komwe.

Pansi penipeni pa Gehena ya Dante pali nyanja youma ndi chisanu, osati moto. Kumeneko ndi kwa opereka anzawo, monga Yudasi, Brutus ndi Cassius. Komabe si ndakatulo yongobwezera adani, pakuti ngakhale mphunzitsi wake wokondedwa, Brunetto Latini, akumupeza akuzunzika, ndipo akuyankhula naye mwaulemu.

Dante anamwalira ku Ravenna mu Seputembala 1321, atadwala malungo pochokera ku Venice. Patapita zaka, a ku Florence anafuna mafupa ake, koma ansembe a ku Ravenna anawabisa, ndipo anadzapezeka m'khoma mu 1865. Manda amene Florence inamumangira m'tchalitchi cha Santa Croce mulibe munthu.