Abraham Jacobi, dokotala wa ana amene anakana kutula pansi udindo

Anzanga amene tinakhalira limodzi pa mabenchi a sukulu yathu, ulendo uno ndasankha kulemba za munthu wa kutali, Dr Abraham Jacobi, amene anthu a ku America amamutcha tate wa udokotala wa ana m'dziko lawo. Ambiri a ife tsopano ndi makolo, ndipo timaona ngati chinthu wamba kuti chipatala chikhale ndi wodi ya ana ndi dokotala wakewake. Kale sizinali choncho.

Jacobi anabadwa pa 6 May 1830 m'mudzi wa Hartum, pafupi ndi tauni ya Minden ku Germany, m'banja la Chiyuda losauka. Anaphunzira za udokotala ku mayunivesite a Greifswald, Göttingen ndi Bonn, ndipo anatsiriza mu 1851. Koma satifiketi ili m'manja, mnyamatayo sanalowe m'chipatala, analowa m'ndende. Anali atalowerera ndale za achinyamata ofuna kusintha ulamuliro wa mafumu, zimene zinabuka mu 1848. Boma linamugwira ku Berlin, ndipo mu 1852 anali mmodzi mwa oimbidwa mlandu wa chikomyunizimu ku Cologne. Pa mlanduwo anapezeka wosalakwa, komabe anamutsekera chifukwa cha mlandu wina wonyoza mfumu. Atatuluka mu 1853 anapita ku England, kumene anaonana ndi Karl Marx ndi Friedrich Engels, ndipo chaka chomwecho anawoloka nyanja kupita ku America.

Ku New York anatsegula kachipatala kake pakati pa amphawi obwera kuchokera ku maiko ena. Kumeneko ndiko anaona mmene makanda ankafera m'nyengo yotentha, chifukwa cha kutsegula m'mimba kobwera ndi mkaka wauve. Malangizo ake kwa amayi anali osavuta: yamwitsani mwana, ndipo ngati mukumupatsa mkaka wa ng'ombe, uwiritseni kaye. Ankaphunzitsanso kuti mwana si munthu wamkulu wochepa thupi, woti n'kungomuchepetsera mlingo wa mankhwala; matenda ake ali ndi njira zakezake.

Mu 1860 New York Medical College inamupatsa mpando wa pulofesa wa matenda a ana, woyamba wa mtundu umenewu m'dziko la America. Ophunzira ake sankangomvera mawu m'kalasi, ankawatengera pa bedi la mwana wodwala kuti aone ndi maso. Kuyambira 1870 mpaka 1902 anaphunzitsa ku College of Physicians and Surgeons ya Columbia.

Koma chimene chandichititsa kutenga cholembera ndi nkhani ya mu 1870. Jacobi anali dokotala pa Nursery and Child's Hospital, nyumba yosungirako makanda osiyidwa ndi a amayi osauka, yoyendetsedwa ndi amayi olemera a mumzindamo. Anthu ankaiyamikira kwambiri monga ntchito ya chifundo. Iye anakhala pansi n'kuwerenga makanda olowa ndi makanda omwalira, ndipo anapeza kuti nyumbayo inali kutha ana. Sanabise. Ananena poyera kuti khanda losonkhanitsidwa ndi makanda anzake ambirimbiri m'nyumba imodzi, lopanda bere la mayi, silikhala, ndipo kuli bwino kulipereka ku banja kuti likaleredwe kumeneko. Akuluakulu a nyumbayo anapsa mtima namuuza kuti atule pansi udindo. Anakana. Anafuna kuti ngati akumuchotsa, amuchotse okha, anthu adziwe chifukwa chake. Ndipo anamuchotsadi.

Ife a m'boma tikuidziwa kalata yopempha munthu kuti achoke mwaulemu. Imalembedwa mokoma, ndipo wolandira amapatsidwa mpata wonena kuti wachoka pa zifukwa za iye mwini. Fayilo imatsekedwa, ziwerengero zimabwerera m'kabati. Ine ndikuona kuti kukana kwa Jacobi kunali kolimba mtima kuposa za ndale za pa unyamata wake, pakuti apa anali ndi zaka 40, ali ndi dzina ndi malo oti n'kutaya, ndipo amene ankawatsutsawo sanali asilikali a mfumu koma anthu aulemu wawo okhulupirira kuti akuchita zabwino.

Sizinamugwetse. Pa Mount Sinai Hospital anakhazikitsa gawo la ana. Mu 1880 anayambitsa nthambi ya matenda a ana m'bungwe la American Medical Association, mu 1888 anakhala pulezidenti woyamba wa American Pediatric Society, ndipo mu 1912, ali ndi zaka zoposa 80, anatsogolera American Medical Association yonse. Dziko limene linamutsekera m'ndende linamuitana kuti akakhale pulofesa wa matenda a ana ku Berlin. Anathokoza, koma sanapite.

Mu 1873 anakwatira Dr Mary Putnam, mmodzi mwa madokotala aakazi odziwika kwambiri a nthawi imeneyo, amene mbiri yake ikufuna tsamba lakelake. Chisoni chachikulu cha banjali chinabwera ndi diphtheria, nthenda yotseka kukhosi mpaka mwana kulephera kupuma. Jacobi analemba buku lonse la nthendayi mu 1880, ndipo ochepa ankaidziwa monga iye. Patangopita zaka zitatu, mu 1883, nthenda yomweyo inapha mwana wake wamwamuna, Ernst, ali ndi zaka 7. Mankhwala ake enieni anabwera m'zaka za m'ma 1890, mochedwa kwa Ernst. Lero katemera wake ali m'gulu la akatemera amene ana athu amalandira ku sikelo, ndipo ambiri a ife sitinaionepo nthendayi.

Mary anamwalira mu 1906. Mu 1918 nyumba ya Jacobi ya m'mbali mwa nyanja ya Lake George inapsa, iye napulumuka movutikira, koma mapepala ake, pamodzi ndi mbiri ya moyo wake imene ankalemba, anathera m'motomo. Anamwalira pa 10 July 1919 ku Bolton Landing, ali ndi zaka 89. Chipatala cha Jacobi Medical Center ku Bronx, mumzinda wa New York, chimatchedwa ndi dzina lake.