Mel Ott, Mnyamata Wonyamula Mwendo

Mel Ott anabadwira ku Gretna, m'dziko la America, m'caka ca 1909. Mu 1926 anayamba kuseŵerera timu ya New York Giants pa maseŵera a baseball, omenya kampira ndi cibonga. Asanamenye, iye anali kunyamula mwendo wamanja m'mwamba, mosemphana ndi ciphunzitso cozoloŵereka. Mphunzitsi wake, John McGraw, anakana kumtumiza ku matimu ang'onoang'ono, poopa kuti aphunzitsi akumeneko pofuna kumuongola angaononge luso lake. Posiya kuseŵera mu 1947, Ott anali atamenya ma home run 511, ndiko kulumphitsa mpira mpanda wa bwalo. Anamwalira mu 1958 atacita ngozi ya galimoto. Aphunzitsi a maseŵera ku Chadiza akumbukire kuti zala za dzanja limodzi sizilingana.