John Buchanan, Mlimi wa Maluŵa Amene Anayala Maziko a Mzinda wa Zomba

Munthu woima pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa akayang'ana kumadzulo amaona phiri la Zomba litatchinga koloŵera dzuŵa. Madzi a m'phirimo amatsika ndi mtsinje wa Mlunguzi, nadutsa mumzinda, nakathira m'Likangala, ndipo Likangalayo amakathera m'nyanja, kugombe lomwelo kumene kuli Chisi. Popeza Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, chilichonse chimene mzinda wa Zomba utaya m'madzi chimakatsalira komweko. Malo amene pali mzindawo sanasankhidwe ndi katswiri wa kamangidwe ka mizinda ai, koma ndi munthu amene anaphunzira kulima maluŵa ndi ndiwo zamasamba. Dzina lake ndi John Buchanan.

Buchanan anabadwa m'chaka cha 1855 ku Muthill, m'dziko la Scotland, ndipo anaphunzira ntchito yake m'minda ya ku Drummond Castle. M'chaka cha 1876, ali mnyamata ndithu, anabwera ndi gulu la mpingo wa Church of Scotland limene linayambitsa mishoni ya Blantyre. Iye sanali mbusa. Anamlemba kuti azilima. Mbande za khofi zitafika kuchokera ku Edinburgh m'chaka cha 1878, Buchanan anali mmodzi mwa amene anaziŵirira nazo thukuta mpaka mbewuyo inazika mizu m'dziko muno.

M'chaka cha 1879 mishoni inamtuma kukatsegula nthambi yake m'tsinde mwa phiri la Zomba. Nthaŵi imeneyo derali linali m'manja mwa mafumu a Chiyao monga Malemia ndi Kawinga, ndipo njira za ogula akapolo zinali kudutsa pafupi ndi nyanja ya Chilwa polinga kunyanja ya mchere. Anyanja ambiri anali atathaŵira pa Chisi, poona kuti madzi ndiwo linga lokhalo lowatsalira. Buchanan anayang'ana malowo ndi maso a mlimi. Anaona mtsinje wosaphwa chilimwe, nthaka yachonde, mphepo yozizira, ndi matsitso olola munthu kupatutsa madzi ndi ngalande kuti adzifikira okha m'munda. Zifukwa zimenezi nzokwanira posankha dimba. Funso lakuti kodi anthu zikwi zambiri adzamanga pati nyumba zawo silinali m'mutu mwake, ndipo panalibe chomchititsa kuliganizira.

Mbiri ya munthuyu ili ndi banga losafufutika. Azungu a pa mishoni ya Blantyre anadziyesa mafumu, nayamba kuzenga milandu ndi kukwapula anthu mwankhanza, kotero kuti ena anafa. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anaulula zimenezi ku Ulaya m'chaka cha 1880. Mpingo utafufuza, unachotsa ntchito mbusa Duff Macdonald, George Fenwick ndi Buchanan yemwe m'chaka cha 1881. Mmalo mosiya dziko lino, Buchanan anakhazikika ku Zomba monga mlimi wodziimira payekha. Pamodzi ndi abale ake aŵiri, David ndi Robert, anatsegula minda ya khofi, nzimbe ndi fodya m'mbali mwa Mlunguzi.

Mwaŵi wake unadza pamene kazembe wa boma la Britain, A.G.S. Hawes, anafuna nyumba yokhalamo. Buchanan ndiye anapatsidwa ntchito yoimanga cha m'ma 1886, pafupi ndi minda yake yomwe. Nyumba ya nsanja ziŵiri imeneyo ndi ija inadzatchuka ndi dzina lakuti Masongola. Hawes atachoka, Buchanan anagwirizira udindo wa ukazembe. Udindowo sunali wa ulemu wokhawokha: m'chaka cha 1888 anthu a mfumu Makanjira anamgwira nam'vula zovala pamaso pa khamu. Koma chaka chotsatira, Apwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto ali kukwera ndi mtsinje wa Shire, Buchanan analengeza pa 21 September 1889 kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain. Munthu wochotsedwa ntchito chifukwa cha nkhanza uja anapatsidwa mendulo ya ulemu ndi boma la kwawo.

Harry Johnston atafika m'chaka cha 1891 kudzayamba boma la atsamunda, anapeza nyumba yomangamanga ku Zomba, naloŵamo. Malowo anamkomera chifukwa cha kukongola kwake, ndiponso chifukwa anali kutali ndi amishoni ndi amalonda a ku Blantyre amene sanali kumvana nawo. Motero munda wa Buchanan unasanduka likulu la dziko, ndipo unakhala likulu zaka zoposa 80.

Apa mpamene pali gwero la maonekedwe a Zomba. Maofesi ndi nyumba za akuluakulu a boma zinatsata nyumba yoyamba ija, nizikwera m'phiri, iliyonse ndi bwalo lake lalikulu, mitengo yake, ndi madzi oyamba kutuluka m'kasupe. Amwenye anamanga masitolo awo m'munsi, pafupi ndi msika. Eni dziko, amene anali kuphika, kuchapa, kunyamula makalata ndi kulondera, anayenera kudzipezera okha pogona kunsi kwenikweni kapena kunja kwa malire a tauni. Kumtunda phiri linatseka njira, ndipo malo ambiri ozungulira anali atagwa kale m'manja mwa Azungu a minda. Buchanan ndi abale ake okha anali ndi maekala opitirira 160,000 m'madera a Zomba, Blantyre ndi kwina, amene anawapeza kwa mafumu posinthana ndi nsalu ndi katundu wina wochepa mtengo, ndipo Johnston anawatsimikizira ndi zikalata. Tauni yotere inali yokoma kwa anthu mazana angapo, koma inalibe kokulira.

Mwini wake sanaone zotsatira zake. Malungo anamfooketsa, ndipo anamwalira ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, m'mwezi wa March 1896 ali pa ulendo wopita kwawo, akali mwamuna wa zaka pafupifupi 40. Minda yake inadzaloŵa m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa.

Malaŵi atalandira ufulu, boma la Dr. Kamuzu Banda linagamula m'chaka cha 1965 kuti likulu lisamukire ku Lilongwe, pakati pa dziko, pachidikha chotakasuka chimene akatswiri anatha kuchijambula asanamangepo. Kuthina kwa Zomba kunali chimodzi mwa zifukwa zake. Likulu linasamuka mu 1975, ngakhale Nyumba ya Malamulo inatsalira mpaka 1994. Ambiri anayesa kuti tauniyo ifota, koma sizinatero. Sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College inafikako mu 1973, asilikali, ndende ndi zipatala zinakhalabe, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 100,000. Ochuluka a iwo amakhala m'malo monga Chikanda, Mpondabwino, Sadzi ndi Chinamwali, kumene nyumba zinatsogola, misewu ndi mipopi nkumatsatira pambuyo.

Anthu ameneŵa amafuna nkhuni, makala, njerwa ndi mchenga, ndipo zonsezi zimachokera m'phiri ndi m'mitsinje yomwe ija inakopa Buchanan. Mvula ikagwa pamatsitso opanda mitengo, dothi limakokoloka pamodzi ndi zinyalala ndi zonyansa za m'tauni, niziloŵa m'Likangala. Nyanja ya Chilwa njosaya, ndipo inaphwa kapena kutsala pang'ono kutero mu 1968, 1995, 2012 ndi 2018. Chachikulu chimene chimaiphwetsa ndi kuchepa kwa mvula, koma matope otsika kumtunda amaikwirira pang'onopang'ono. M'zaka zoterozo ngalaŵa zimagona pamatope ku Kachulu, anthu a pa Chisi amawoloka wapansi, ndipo matemba amasoŵa pamsika wa Zomba, kunsi kwa nyumba ya nsanja ziŵiri ija.