Dr Daniel Malekebu, dokotala yemwe anadzutsa mishoni ya Chilembwe

Boma la atsamunda litathetsa kuukira kwa Mbusa John Chilembwe m'chaka cha 1915, asilikali anagumula tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndipo mishoni ya Providence Industrial Mission, yomwe imadziwika kuti PIM, inatsekedwa. Yemwe anadzaitsekulanso patatha zaka 11 ndi Dr Daniel Sharpe Malekebu.

A Malekebu anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1890, ndipo anali m'gulu la ana oyamba kuphunzira pa sukulu ya a Chilembwe. Kumeneko anakumana ndi mayi Emma DeLany, mmishonale wachikuda yemwe anatumidwa ndi bungwe la National Baptist Convention la ku America. Mayiwa atabwerera kwawo, mnyamatayo anawatsatira: anayenda pansi mpaka ku doko la Beira, komwe anapeza ntchito m'sitima ya pamadzi.

Ku America anaphunzira za ubusa komanso za udokotala. M'chaka cha 1917 anatsiriza maphunziro pa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, ndipo anakhala Mmalawi woyamba kulandira digiri ya udokotala. Dr Hastings Kamuzu Banda anadzatsiriza pa sukulu yomweyi mu 1937.

Mu 1919 anakwatira mayi Flora Zeto, mbadwa ya ku Congo. Banjali litafuna kuyamba ntchito ku Nyasaland mu 1921, boma linakana powaganizira kuti adzautsanso moto wa 1915. Iwo anapita ku Liberia, komwe anaphunzitsa pa Ricks Institute, kwinaku akupitiriza kupempha chilolezo mpaka boma linawalola kutsekula PIM mu 1926.

Ntchito yoyamba inali yosonkhanitsa akhristu omwe anabalalika chifukwa cha mantha. A Malekebu anamanga tchalitchi chatsopano cha New Jerusalem, anatsekula sukulu komanso chipatala, ndipo anaphunzitsa abusa ndi alaliki. Pochita ndi akuluakulu a boma anasankha njira ya kukambirana, popeza ankadziwa kuti maso a atsamunda sanachoke pa Mbombwe.

Mpingowu unakula msanga. Akhristu ake ankanyadira kuti ndi mpingo wa Baptist wotsogozedwa ndi eni nthaka, ndipo omwe anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa anakayambitsa nthambi kumeneko. Mu 1945 a Malekebu anakhazikitsa bungwe la National Baptist Assembly of Africa pofuna kugwirizanitsa mipingoyi.

Zaka zawo zomaliza zinali za mikangano ya utsogoleri mumpingo, ndipo anamwalira mu 1978. Pa 15 Januwale chaka chilichonse dziko la Malawi limakumbukira a Chilembwe, ndipo mishoni yomwe imatchulidwa pa tsikuli ikuoneka lero chifukwa cha khama ndi kudekha kwa a Malekebu.