Imam Nawawi: Mwana wa Mwini Sitolo Amene Adalembera Banja Lonse

Pamene tchuthi chikuyandikira, makolo angapo atifunsa mabuku amene ana awo angamawerenge kunyumba. Nawonso a komiti ya mzikiti afuna kudziwa mabuku oyenera kuyamba kugulira laibulale ya sukulu yathu. Tikadatha kungolemba mndandanda basi. Koma titayang'ana maina amene tidalemba, tidapeza kuti mabuku ambiri mwa iwo, kuyambira la mwana wa Fomu 1 mpaka la mashehe, adachokera m'dzanja la munthu mmodzi. Choncho taganiza kuti tiyambe tawadziwa kaye mlembiyo, Imam Yahya ibn Sharaf an-Nawawi, Allah awachitire chifundo.

Adabadwa m'mwezi wa Muharram chaka cha 631 cha Hijri, chomwe ndi 1233, m'mudzi wa Nawa kumwera kwa mzinda wa Damascus, m'dziko la Syria. Dzina loti Nawawi limangotanthauza munthu wa ku Nawa. Bambo awo adali ndi kasitolo, ndipo monga zimakhalira ngakhale kuno kwathu, mwanayo ankayikidwa kuti azigulitsa. Wophunzira wawo, Ibn al-Attar, amene adalemba mbiri yawo, akusimba kuti Yahya ali ndi zaka khumi, shehe wina wodutsa, Yasin al-Marrakushi, adamuona akuthawa anzake omwe ankamukakamiza kusewera, iye akulira uku akuwerenga Qur'an. M'sitolomo namonso maso ankakhala pa Qur'an osati pa ogula. Shehe uja adapita kwa mwalimu wa mwanayo kukapempha kuti amusamale, ndipo mwalimuyo adakauza bambo ake. Bambowo adamva. Adamusiya mwana wawo kuti aloweze Qur'an mpaka kumaliza.

Makolofe tiime pang'ono apa. Bambo wa sitolo uja adataya womuthandiza ntchito, ndipo palibe chimene adali nacho chomutsimikizira kuti mwanayo adzakhala Imam. Ife aphunzitsi timadziwa ana amene amajomba tsiku la msika chifukwa chosungira makolo benchi. Sitikunyoza geni, pakuti fizi imachokera komweko. Tikungokumbutsa kuti mbiri imeneyi ikadatha kuthera m'kasitolo ka ku Nawa.

M'chaka cha 649, chomwe ndi 1251, bambo awo adawaperekeza ku Damascus ali ndi zaka pafupifupi 18. Adapeza kachipinda pa madrasa ya Rawahiyya, ndipo adakhala pamenepo pafupifupi moyo wawo wonse. Buku la fiqh lotchedwa at-Tanbih adaliloweza pamtima m'miyezi inayi ndi theka. Patsiku ankakhala nawo pa maphunziro 12: fiqh, hadith, malamulo a chilankhulo cha Chiarabu, usul ndi mbiri za anthu olandira hadith. Iwo eni adauza Ibn al-Attar kuti kwa zaka ziwiri sadagoneko chogona cham'mbali. Tulo tikawapeza ankangotsamira mabuku, akadzidzimuka n'kupitiriza. M'chaka cha 651 adapita ku Hajj pamodzi ndi bambo awo, ndipo adadwala malungo mbali yaikulu ya ulendowo.

Pali kankhani kena kamene ophunzira a sayansi amakonda kutifunsa. Nthawi ina Imam adaganiza zophunzira udokotala, nagula buku lotchuka la Ibn Sina, al-Qanun. Patapita masiku mtima wawo sudakhazikike, ndipo adaligulitsa. Tisamve molakwika. Iwo omwewo, m'mawu oyamba a buku lawo la al-Majmu', adalemba kuti maphunziro a zachipatala ndi masamu ndi fardh kifaya, kutanthauza kuti ngati palibe aliyense pakati pa Asilamu amene akuwaphunzira, onse ali ndi mlandu. Imam adangozindikira kuti munda wawo udali wina. Mtsikana wa Fomu 3 amene akufuna unamwino asasiye Biology ponamizira Imam Nawawi.

Moyo wawo udali wodzimana kwambiri. Ankadya kamodzi patsiku, pambuyo pa swala ya Isha, ndi kumwa madzi kamodzi m'bandakucha. Sadakwatire. Izi sitikuzilemba kuti ana athu atsanzire, chifukwa ukwati ndi sunnah ndipo thupi lili ndi gawo lake. Tikuzilemba kuti tione mtengo umene mabukuwa adadya. Chodabwitsa china ndi chakuti sankadya zipatso za ku Damascus, ngakhale mzindawo udazunguliridwa ndi minda ya zipatso yotchuka ya Ghuta. Chifukwa chake chidali chakuti minda yambiri idali ya waqf, kapena ya ana amasiye, ndipo iwo ankakayika ngati oyang'anira ankaiyendetsa mwachilungamo. M'chaka cha 665 adasankhidwa kukhala mkulu wa Dar al-Hadith al-Ashrafiyya, sukulu yaikulu ya hadith mumzindamo, koma olemba mbiri akuti malipiro a udindowo sankawagwiritsa ntchito pa iwo eni.

Tisaganize kuti ankalemba pa nthawi ya mtendere. Mu 1258 asilikali a Mongol adaphwasula Baghdad ndi kupha Khalifa. Mu 1260 adalowa mu Damascus momwe Imam ankakhalamo, ndipo chaka chomwecho adagonjetsedwa pa nkhondo ya Ayn Jalut. Amene adatenga ufumu pambuyo pake ndi Sultan Baybars, munthu amene adagulidwa ngati kapolo ali mnyamata, nakwera mpaka kukhala wolamula Egypt ndi Syria. Adali ngwazi yoteteza Asilamu, zimenezo sitingakane. Koma nkhondo imadya ndalama, ndipo Baybars adalemetsa anthu ndi misonkho. Adalandanso minda ya ku Ghuta, nalamula kuti yense wonena kuti munda ndi wake aonetse zikalata, chonsecho mabanja ambiri adailandira kuchokera kwa makolo popanda pepala lililonse.

Imam Nawawi adamulembera makalata, ndipo Ibn al-Attar adawasunga. M'kalata ina adafotokoza kuti chaka chimenecho mvula idachepa, zinthu zidakwera mtengo, zokolola zidavuta ndipo ziweto zidafa, kotero sikudali koyenera kuwonjezera msonkho. Pa za minda adanenetsa kuti m'malamulo a Chisilamu, munthu amene chinthu chili m'manja mwake ndiye mwini, ndipo safunsidwa umboni. Sultan adayankha mokalipa ndi mowopseza. Imam adalembanso, mwaulemu womwewo, kumudziwitsa kuti chiwopsezo sichingawaletse kulangiza wolamula, popeza ndi udindo umene Allah adaika pa ma ulama. Palinso nkhani imene Imam as-Suyuti adalemba patapita zaka pafupifupi 200, yoti Baybars adafuna ma ulama asayinire fatwa yololeza kutenga chuma cha anthu chifukwa cha nkhondo, koma Nawawi adakana kufikira Sultan atayamba wagulitsa malamba a golide a asilikali ake ndi zokongoletsera za akazi a kunyumba yachifumu, ndipo pachifukwa chimenecho adauzidwa kuti atuluke mumzinda. Nkhaniyi ndi yotchuka, koma ife tikamaphunzitsa timatsamira kwambiri pa makalata aja, chifukwa adasungidwa ndi munthu amene ankakhala nawo.

Mabuku awo adawalemba m'zaka pafupifupi 16 zokha. Laling'ono kwambiri, limene tikulipereka kwa a Fomu 1 ndi Fomu 2 komanso azing'ono awo a ku pulayimale, ndi al-Arba'in, Mahadith Makumi Anayi. Mukawerenga bwino mupeza kuti alipo 42. Ena asadabadwe Imam adasonkhanitsapo mahadith 40 pa mutu umodzi, monga jihad kapena kudzimana. Iwo adasankha oti lililonse likhale mzati wa chipembedzo. Loyamba likukamba za niya. Lachiwiri ndi lija la Jibril pamene adabwera kudzafunsa Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, za Chisilamu, iman ndi ihsan. Lachisanu ndi chimodzi likukamba za kupewa zokayikitsa, ndipo amene wawerenga za zipatso za ku Damascus waona kale mmene mlembiyo adalimvera. Lachisanu ndi chiwiri ndi la kulangiza, kuphatikizapo kulangiza atsogoleri, ndipo ndi lomwe likuoneka m'makalata opita kwa Baybars. Mahadith ambiri m'bukuli ndi afupiafupi. Mwana woloweza limodzi pa sabata angamalize chaka chisadathe. Likupezekanso m'Chingerezi, ndipo tikupempha ophunzira kuti pansi pa hadith iliyonse azilemba tanthauzo lake m'Chichewa kapena m'Chiyao, n'kukawerengera agogo awo. Pamenepo mpamene timadziwira ngati mwana wamva kapena wangoimba.

Buku la banja lonse ndi Riyadh as-Salihin, lomwe adalimaliza mu Ramadhan chaka cha 670. Lili ndi mahadith pafupifupi 1,900, ndipo mitu yambiri imayamba ndi ma ayah a Qur'an kenako mahadith. Likuyamba ndi ikhlas, kulapa ndi kupirira, kenako likulowa m'moyo wa tsiku ndi tsiku: kadyedwe, kavalidwe, kupereka salamu, kuzonda odwala, kukhala bwino ndi makolo ndi oyandikana nawo, maulendo, ndipo chakumapeto kuli gawo lalitali la zoletsedwa lomwe layamba ndi miseche. Silifuna kuwerengedwa mothamanga. Mphindi khumi pambuyo pa Maghrib, mwana wa sekondale akuwerenga, bambo kapena mayi akufotokozera, zikukwana. Ife timaona kuti mphindi khumi zimenezi zimaposa ola lathunthu la timavidiyo ta pa WhatsApp, chifukwa pano hadith iliyonse yatchulidwa kumene yachokera, kaya kwa Bukhari, Muslim, Abu Dawud kapena Tirmidhi, pomwe pa foni nthawi zambiri sitidziwa ngakhale wolankhulayo.

Ana amene akuloweza Qur'an, pamodzi ndi amwalimu awo, awerenge at-Tibyan, kabuku kofotokoza makhalidwe a wophunzira ndi mphunzitsi wa Qur'an. Mwalimu wokonda kukalipa apezamo zomuchititsa manyazi, ndipo ifenso tidazipeza. Al-Adhkar ndi buku la maduwa ndi zikiri za podzuka, pogona, polowa mumzikiti, pa ulendo ndi pa maliro, ndipo ndi mphatso yabwino kwa akuluakulu. Okonda mbiri amene Chiarabu chawo chakhwima ayese Tahdhib al-Asma wal-Lughat, momwe muli mbiri zachidule za Mtumiki, Maswahaba ndi ma ulama.

Kwa a komiti ndi mashehe athu, buku ndi Minhaj at-Talibin, chidule cha fiqh ya madhhab a Imam Shafi'i, ndipo apa ndi pamene mbiri ya munthu wa ku Syria ikukhudzana ndi yathu. Woyenda maulendo wotchuka, Ibn Battuta, atafika ku Mombasa ndi ku Kilwa mu 1331, zaka 54 Imam atamwalira, adalemba kuti anthu a kumeneko adali a Shafi'i. Minhaj idakhala buku lodalirika la makadhi ku Zanzibar, Mombasa ndi Lamu. Chisilamu chidafika kuno kudzera m'njira zamalonda zochokera kugombe komweko, kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa mafumu a Chiyao monga Makanjila ndi Mponda. Ndiye chifukwa chake ambiri a ife timachita twahara ndi kuswali monga a Shafi'i, pomwe abale athu ambiri ochokera ku India ndi a Hanafi. Ophunzira a Fomu 3 ndi 4 angawerenge ulendo wa Ibn Battuta m'Chingerezi okha, ndipo uwathandiza ndi History yomwe. Koma Minhaj ayi. Mawu ake ndi opanikizana kwambiri, chiganizo chimodzi chimanyamula malamulo angapo, ndipo woliwerenga popanda shehe amatuluka ndi mikangano yambiri kuposa nzeru. Chimodzimodzinso ndemanga yawo ya Sahih Muslim ndi al-Majmu', buku lalikulu limene imfa idawapeza asadamalize, atangofika pa mutu wa riba, katapira uja.

Chakumapeto kwa moyo wawo, Imam adaoneka ngati munthu wokonzekera ulendo. Adabweza mabuku onse a waqf amene adabwereka, adayendera manda a aphunzitsi awo ndi kuwapempherera, adatsanzikana ndi anzawo, nabwerera ku Nawa. Kuchokera kumeneko adakaona al-Quds ndi al-Khalil. Pobwerera adadwala m'nyumba ya bambo awo, omwe adali akadali moyo, ndipo adamwalira pa 24 Rajab chaka cha 676, mu December 1277, ali ndi zaka 45 powerengera kalendala ya Hijri. Baybars adali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Uthenga utafika ku Damascus, anthu adaswali janaza ya kutali mumzikiti waukulu wa mumzindamo.

Pa nkhani ya kubweza mabukuyi, kaundula wa laibulale yathu akuonetsa kuti makope ena a Riyadh as-Salihin ndi al-Arba'in amene adabwerekedwa teremu yatha sadabwerebe. Tikupempha makolo kuti ayang'ane m'zikwama ndi pansi pa matilesi, ndipo mabukuwo afike ku ofesi Lachisanu lisadakwane, kuti amene akufuna kubwereka a patchuthi awapeze pa shelefu.